Mmene Amayi Anu Anapezera Nkhoswe

Tsitsani mafoniwo, ana inu. Iwe Tadala, ndakuona, waibisa pansi pa ntchafu. Miguel, siya kusenda tepi wa katoniyo, ukaiboola sopo yense akafika ku Cebu atanyowa. Chiyambire m'mawa mwakhala mukung'ung'udza kuti Loweruka lanu lathera kulongedzera katundu ana osawadziwa. Osawadziwa? Khalani pansi ndikuuzeni. Mukafuna kundiyankha m'Chingerezi ndi zanu izo, ine ndiyankhula Chichewa. Makutu anu amamva bwinobwino, ulesi uli pakamwapo.

Ndiyambire kutali, chifukwa nkhani ya amayi anu simungaimve osadziwa mmene ife tinkakwatirira. Masiku ano mnyamata amagwada pa bondo limodzi mu lesitilanti, anthu osawadziwa n'kuomba m'manja, basi zatha. Kwathu ku Linthipe ukwati sunali wa anthu awiri. Ine nditawaona agogo anu aakazi, a Nabanda, akugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, sindinapite kwa bambo anga. Ndinapita kwa amalume, alongo awo a mayi anga. Iwowo ndiwo anavala jekete lawo la pa tchalitchi, n'kumanga tambala pa kaliyala ya njinga, ine ndikuthamanga pambuyo ngati galu wa mlenje. Njinga yake inali ija yakuda, yolemera, mabuleki a zitsulo, yoti ikakugwera umakaona sing'anga. Kumeneko anakumana ndi ankhoswe a kuchikazi. Nkhoswe, Miguel, ndi munthu amene amaimira banja lanu pa ukwati. Mukayambana amabwera kudzaweruza, mukadwala amauzidwa, wina akamwalira uthenga umayamba kufika kwa iye.

Ndiye ndinakamanga nyumba kwa akazi anga, ndikulima munda wa apongozi mpaka manja kuchita matuza. Ndicho chikamwini. Ana obadwa m'nyumbamo sakhala a bambo, amakhala a kuchikazi, mwini wawo ndi malume. Bambo ndiwe mlendo wolemekezeka chabe. Musaiwale zimenezi, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa.

Ngakhale kuno ku Mangalande ndinabwera pa chikamwini, kungoti cha pa ndege. Agogo anu ndiwo anatsogola kudzagwira unesi pa chipatala chachikulu chija cha ku New Cross, ine n'kulondola pambuyo ndi bambo anu, Limbani, ali kamnyamata ka mamina. Ndinkadzitama kuti munthu wa ku Dedza saopa chisanu. Chisanu cha kuno chinandiphunzitsa ulemu sabata yoyamba yomwe. Ndinapeza ntchito yoyendetsa mabasi, Wolverhampton, Birmingham, kubwerera, mpaka msana unati basi. Anthu a kuno ndi odabwitsa, amathokoza dalaivala potsika, koma mnzawo wokhala naye mpando umodzi samupatsa moni.

Nditapuma ntchito ndinayamba kusowa chochita, a Nabanda n'kumati ndikuwapingapinga m'nyumba. Holo ya tchalitchi kuno ku Whitmore Reans tinkagawana ndi Afilipino, ife m'mawa, iwo masana. Tikamatuluka timakumana nawo pakhomo atanyamula mapoto onunkhira adyo ndi viniga. Anthu aja kuimba! Amachita ngati anabadwa ndi maikolofoni m'manja. Tsiku lina abusa awo anandiimitsa nati akusowa woyendetsa vani yotolera makatoni, omwewa mukudandaula nawowa, opita ku nyumba ina ya mpingo yolerera ana ku Cebu. Ndinavomera, poti kunyumba ndinali nditathamangitsidwa kale.

Kumeneko ndiko ndinawaonera amayi anu koyamba. Ndinapeza kamtsikana kakang'ono katakhala pamwamba pa katoni, kakudumphadumpha kuti itsekeke, kakuseka mpaka misozi. Katandiona kanatsika, n'kutenga dzanja langa, n'kuligunditsa pa chipumi pake. Ine ndinaganiza kuti kakufuna ndikamve ngati katentha thupi, ndiye ndinati, "Ayi, uli bwino, ulibe malungo." Holo yonse inafa nacho chiseko. Kwawo ndi mmene amalonjerera akulu. Dzina lake anati ndi Maricel, nesi wa ku wodi ya ana.

Tinayenda limodzi m'vani muja miyezi yambiri, iye akundilozera makomo. Mbiri yake anandiuza yekha, mosabisa, ngati akunena za nyengo. Anabadwira m'zisakasa za pafupi ndi dzala la mzinda, kumene magalimoto amakhuthula zinyalala. Mayi ake anamwalira iye asanadziwe kuwerenga zala, bambo sanawaonepo. Ankatola mabotolo ndi zitini n'kumagulitsa kuti adye. Amayi ena a mpingo ankabwera kudzalako ndi phala la mpunga, ndipo wamkulu wawo, amene ana onse ankamutcha Nanay Pilar, kutanthauza mayi, anamutenga n'kupita naye ku nyumba ija ya ku Cebu. Kumeneko anapeza mphasa yake, mbale yake, yunifolomu, sukulu. Anandiuza kuti sopo woyamba kusamba naye anachokera mu katoni ngati iyi, ndipo anayamba wamuluma poyesa chakudya. Ine ndinaseka, koma mumtima munandiwawa. Ndinakumbukira ana aja tinkawapitirira pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, tikumangogwira matumba athu.

Tsono bambo anu. Munthu amene kunyumba sankatulutsa ngakhale bini, mwadzidzidzi anayamba kudzuka Loweruka m'mamawa, atadzola mafuta onunkhira, akuti akufuna kuthandiza ntchito ya Mulungu. Makatoni awiriawiri pa phewa! Ndinawauza agogo anu kuti mwana wathu watembenuka mtima. Iwo anangondiyang'ana nati, "Inu ndinu ogona. Mtima watembenukadi, koma funsani kumene waloza." Sipanathe chaka, Limbani anabwera kudzatiuza kuti wapeza mbeta.

Ife tinakondwa. Koma paja ndanena kuti bambo ndi mlendo. Nkhani inayenera kupita kwa mwini wake wa Limbani, alamu anga a Mphonde, achimwene awo a agogo anu, aja a ku Coventry amakupatsani maswiti a m'thumba la jekete aja. Musawaone kufatsa lero. Nthawi imeneyo ankayendetsa kagalimoto konyamula katundu mu weyahausi, mosungira katundu muja, ndipo ankayankhula ndi anthu ngati akusuntha mapaleti, matabwa osanjikapo katundu aja. Anabwera, anadya, anamuona Maricel, anamukonda ndithu. Mtsikanayo atatuluka, a Mphonde anafunsa kuti, "Kwawo n'kuti? Tikaonana ndi yani?"

Limbani anafotokoza zonse. A Mphonde anati, "Mtsikanayu ndi wabwino, sindikukana. Mtundu wake ndilibe nawo mlandu. Koma ine tambala ndikapereka kwa ndani? Mukadzamenyana ndikaitana ndani? Ana anu adzakhala mbumba ya yani? Mwana amatsata mayi. Mayi akakhala wopanda kwawo, anawo ndi a mumsewu. Ine sindingavomereze kuti magazi a mlongo wanga akabale ana opanda mwini."

Mukumva, ana inu? Ankanena za inuyo, musanabadwe.

Bambo anu anapsa mtima, nati, "Ankolo, kuno ndi ku UK. Tikhoza kungopita ku ofesi, kusayina, finishi." Koma amene anakana zimenezo ndi Maricel. Atamva mawu a amalume anavula mphete n'kuiika m'dzanja la Limbani. Anati, "Ine ndinakula wopanda abale. Sindingakulande ako. Ndikalowa m'banja mwanu ndilowera pakhomo." Loweruka lotsatira anabwera ku vani monga mwa masiku onse, koma ulendo wonse sanaseke ngakhale kamodzi. Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo alamu anga ndinawakwiyira.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinakwera sitima kupita ku Coventry n'kukawauza kuti ineyo ndikhala nkhoswe ya mtsikanayo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mukhala bwanji mbali zonse ziwiri za mphasa? Mwana wanu akalakwa mudzadziitana nokha?" Ndinati nanga abusa awo. Anati, "Abusa amasamutsidwa. Nkhoswe sabwereka ngati suti ya ukwati. Ndikufuna munthu amene anamuona mwanayu akukula."

Mawu amenewo ndinakamuuza Maricel. Kenako anati, "Ngati ndi choncho, ndili ndi Kuya." Kuya kwawo ndi achimwene aakulu. Ankanena Dodong, yemwe inu mumamutcha Ankolo Dodong wa ku Dudley, wokonza makina a m'zipatala uja. Naye anakulira m'nyumba yomweyo. Ana a m'nyumba imeneyo ali ndi khalidwe lakuti wina akapeza ntchito kwinakwake amaitana anzake, n'chifukwa chake angapo anathera kuno ku Midlands. A Mphonde atamva anafunsa ngati ndi wa bere limodzi. Ndinati ayi. Anapukusa mutu nati, "Chibale ndi fupa, alamu, sachita kupangana. Komabe konzani chinkhoswecho. Tambala ndibwera naye. Zopereka kapena kubwerera naye ndikaonera komweko."

Za tambalayo ndiye musandiyambitse. Anzathu kuno amangogula nkhuku yootcha kale m'sitolo, mwambo n'kutha. A Mphonde anati wamoyo basi. Ndinayenda mpaka kumafamu a kumpoto kwa tauni, n'kumupeza kwa mzungu wina amene ankaganiza kuti ndikufuna woweta. Ndinabwera naye m'kabokosi konyamulira mphaka. Anagona m'bafa mwathu, ndipo kutacha anaonetsa luso lake lonse. Nyumba zathu zogundanazi mukuzidziwa. Mayi wa khomo linalo anagogoda atavala gauni, ine n'kumuuza kuti ndi alamu ya pa foni.

Tsiku linafika. Mbali yathu ya holo inadzaza msanga, a ku Lilongwe, a ku Blantyre, anzathu a ku Zambia, ena atangoweruka ku shifti ya ku keya, kosamalira okalamba, maso ali psuu koma zitenje zili mbee. Mbali ya kuchikazi tinangoikako mipando yochepa kuti manyazi asachuluke. Mwadzidzidzi tinamva kuimba panja. Analowa Afilipino, mzere wosatha, ana, akulu, magitala, ndipo pakati pawo amuna atasenza thabwa, pathabwapo nkhumba yathunthu yootcha, mutu ndi mchira zili pomwepo. Tinali titawauza kuti a kuchikazi amabweretsa thadzi. Thadzi anabwera nalo ndithu, koma anati nkhuku yokha ingachititse manyazi mudzi wawo. Anyamata anathamanga kukatenga mipando ina. A Mphonde anangoti, "Khamu si ubale," maso ali pa nkhumba.

Pa chinkhoswe pali kamwambo kena kosangalatsa. Amayi amafunditsa atsikana zitenje kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, n'kuwalowetsa pamzere, ndipo mkwati amayenera kuloza wake. Agogo anu ndiwo anakonza zimenezo. Anatenga atsikana a Chifilipino okhaokha a msinkhu umodzi, nawavula nsapato ndi mawotchi kuti pasakhale chizindikiro. Atalowa, nthungululu zili pakamwa, Limbani anaimirira. A Mphonde anakweza dzanja.

"Khala pansi, mphwanga. Iwe wamudziwa dzana. Aloze ndi uyu akuti ndi mlongo wakeyu."

Holo inazizira. Zimenezo si mwambo, anangozipeka pomwepo, koma mwini mbumba akayankhula ndani angatsutse? Wina anamasulira Dodong m'Chingerezi. Iye anangomwetulira, navula jekete, napita pa mzere paja. Sanayang'ane msinkhu, sanayang'ane mapewa. Anagwada pansi n'kumayang'ana mapazi.

Pa woyamba anaseka nati, "Uyu ndi Jenny. Chala chachikuluchi chinathyoka akuthawa alonda a pamsika." Chitenje chinagwedezeka ndi kuseka. Wachiwiri anati samudziwa, si wa kunyumba kwawo, ndipo zinali zoona, anali nesi mnzawo chabe. Pa wina anati, "Grace, mpaka lero umaimabe chopondera kunja?" Anafika kumapeto, naimirira, nayang'ana a Mphonde. "Bambo, mlongo wanga mulibe muno."

Agogo anu anali atamubisa kukhitchini! Amayi anakuwa, ena kugwa pa mipando. Analowetsa gulu lachiwiri. Ulendo uno Dodong sanachedwe. Anayenda pang'ono, naima, nagwada patsogolo pa mapazi ena ang'onoang'ono, ndipo kuseka kuja kunamuthera. Kenako anati, "Maricel, tulukamo." Chitenje chinagwa, amayi anu nkhope yonse ili misozi.

A Mphonde anafunsa kuti, "Iwe, mapazi a anthu unawaphunzira kuti?"

Dodong anafotokoza, mnyamata wina akumasulira. Anati ana obwera ku nyumba ija ankafika ndi mapazi ochekeka ndi magalasi ndi misomali ya kudzala, ena mabala ataola. Ndiye Nanay Pilar anaika lamulo. Mwana watsopano aliyense ankapatsidwa kwa wamkulu mmodzi, ndipo madzulo alionse asanadye, wamkuluyo ankatenga beseni ndi sopo n'kumusambitsa mapazi, kuyang'ana bala, kuchotsa minga, kupaka mankhwala. Nanay ankati Ambuye Yesu anagwada ndi beseni, ndiye palibe wamkulu woposa beseni. Anati iyeyo anamutola akugona pansi pa magalimoto pamsika, wakuba wotheratu, woti sankakhulupirira munthu. Amene anamusambitsa iye anali mnyamata wina yemwe pano ndi mphunzitsi. Atakula pang'ono anamupatsa kamtsikana kolusa, koluma, kosalola kukhudzidwa.

"Kanandimenya chidendene pakamwa tsiku loyamba," anatero, akuloza dzino lake lobenthuka lija. "Ndinakasambitsa mpaka mabala anapola, mpaka kanayamba sukulu, mpaka kanakula n'kupatsidwa wakewake womusambitsa. Kwathu amene wamusambitsa mapazi ndi wako. Sasiyidwa."

A Mphonde anaimirira pang'onopang'ono. Mawu awo anali atatsika. "Akadwala ndiuza iwe?"

"Ine."

"Akalakwira mphwangayu, udzamudzudzula?"

"Ndinayamba kale, bambo. Ndi wamakani."

Anthu anaseka, koma a Mphonde sanaseke. "Nanga ana ake? Nanga tsiku loipa likadzafika, maliro ndikatula kwa yani?"

"Kwa ine. Ndikadzatsogola ineyo, mukatula kwa awa."

Sanatembenuke n'komwe, koma kumbuyo kwake anthu anayamba kuimirira, Jenny, Grace, mnyamata wina wa zamagetsi wa ku Walsall, wina wophika, wina nesi wa ku Coventry komweko. Onse ana a m'nyumba ija, onse otoledwa. Ndinawayang'ana atavala bwino, ena atanyamula ana awo, ndipo ndinalira poyera, ine mwamuna wamkulu, osachita manyazi.

A Mphonde anawerama, natsegula kabokosi ka mphaka kaja, natulutsa tambala. Anamugwira ndi manja awiri, nayenda mpaka pamene panali Dodong. "Ndimafuna mudzi," anatero. "Ndauona. Landirani, ankhoswe anzanga." Zitatero holo inaphulika. Ng'oma zathu, magitala awo, nthungululu, agogo anu akuvina chopita m'mbuyo. Limbani anabweza mphete pa chala cha Maricel pomwepo. Tambala anapulumuka m'manja mwa Dodong n'kukatera pa tebulo la nkhumba, ana akumuthamangitsa. Ndipo a Mphonde aja anadya khungu la nkhumbayo mpaka kumasula lamba.

Ndiye ukamati ana osawadziwa, Tadala, ukunena abale ako. Pa mwambo wathu inu si anga, si a Mphonde. Kwanu ndi ku nyumba ija ya ku Cebu, ndipo mwini wanu ndi Ankolo Dodong. Ukadzapeza mnyamata usadzabwere kwa ine, ukakwere basi ya ku Dudley. Usatseke kumaso, ndikudziwa zimene ndikunena.

Tsiku limene unabadwa iwe tinasonkhana kuchipatala, ine, agogo ako ndi a Mphonde. Nesi atatilola kulowa, bambo ako anakutenga kuti akupereke kwa amalume awo, poti ndiwo aakulu. A Mphonde anabweza manja kumbuyo. Anati, "Mwini wake sanafike." Tinadikira ndithu, ine manja akundiyabwa, mpaka Dodong anatulukira akuthamanga, ali ndi yunifolomu ya kuntchito. A Mphonde anakunyamula pokhapo, nakuika m'manja mwake, nati, "Amalume, mbumba yanu iyi yayamba."

Dodong uja sanadziwepo mayi wake, sanaonepo wakhanda woti n'kumutcha wake. Anakulandira misozi ikudonthera pa shawelo yako, akuseka. Ine agogo ako enieni ndinakunyamula pomalizira penipeni, ndipo sindinadandaule ngakhale pang'ono.